Mmene Nyimbo za ku Lichinga Zidalowera m'Chimbale

Madzulo, ntchito ya kumunda ikatha, ambiri a ife timakhala pakhonde ndi kutsegula wailesi. Timamva nyimbo. Woyimbayo sitimuona. Mwina ali ku Maputo. Mwina ali m'tulo kwawo. Mwinanso adamwalira kalekale. Koma mawu ake amamveka bwinobwino, ngati kuti wakhala nafe pamphasa pomwepo.

Kodi zimenezi zimatheka bwanji? Zimatheka chifukwa nyimboyo idajambulidwa ndi kuikidwa m'chimbale. Chimbale ndi mtolo wa nyimbo. Oyimba amasankha nyimbo zingapo, nazimanga pamodzi, nazipatsa dzina limodzi.

M'phunziro lino tiona mmene chimbale chimapangidwira. Sitipita kutali kukafuna chitsanzo. Chitsanzo chili konkuno ku Niassa. Ndi gulu la oyimba la ku Lichinga lotchedwa Massukos.

Gulu la dzina la chipatso

Palibe munthu wa kuno amene sadziwa masuku. Mtengo wake sitibzala. Umamera wokha m'thengo. Zipatso zake zimapsa mvula ikamayamba, nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Mwana wa mfumu amatola, mwana wa mmphawi amatolanso. Oyimba a ku Lichinga adatenga dzina la chipatso chimenechi kukhala dzina la gulu lawo.

Taonani kalembedwe kake: Massukos. Muli zilembo za s ziwiri pakati. Amenewa ndi malembedwe a Chipwitikizi. M'Chipwitikizi s mmodzi akakhala pakati pa a ndi u amamveka ngati z. Akadalemba s mmodzi, anthu akadawerenga kuti mazuku. Tsono musadabwe mukaona mawu a Chinyanja atavala malaya a Chipwitikizi. Werengani mokweza, mudzawazindikira.

Nkhondo ya pachiweniweni idatha pa 4 Okutobala 1992, pamene mbali ziwiri zidasaina pangano la mtendere ku Roma. Anthu amene adathawira ku Malawi ndi ku Tanzania adayamba kubwerera. Adapeza minda yasanduka tchire, zitsime zakwiririka, misewu yafa. M'chaka cha 1994 dziko lidachita chisankho choyamba cha zipani zambiri. Chaka chomwecho gulu la Massukos lidayamba kuyimba pamaso pa anthu.

Mtsogoleri wa gululi ndi Feliciano dos Santos. Bambo Santos adabadwira ku Niassa konkuno m'chaka cha 1964. Ali mwana adadwala poliyo, ndipo mwendo wawo udapuwala. Poliyo ndi nthenda yoyenda ndi uve. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha wodwala, nkulowa m'madzi kapena kukhala m'manja, nkufika m'kamwa mwa mwana wina. Atakula adagwira ntchito ya utolankhani ku Rádio Moçambique. Motero adadziwa zinthu ziwiri: kuwawa kwa nthenda yobwera ndi madzi oipa, ndiponso mphamvu ya mawu oyenda pa wailesi.

Gululi lidatenga zoyimbira zamagetsi: gitala, besi, kiyibodi ndi ng'oma zachizungu. Zoyimbira zoterezi ndi zomwe magulu a ku Ulaya ndi ku Amerika amayimbira nyimbo zotchedwa rock. Koma a Massukos sadatsanzire nyimbo za eni ake. Adaika m'zoyimbirazo mayimbidwe a kuno, dziko la chioda ndi mganda. Adayimba m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua.

Chimbale chawo choyamba adachijambula m'chaka cha 2001. Tachotserani 1994 pa 2001. Zatsala zingati? Zaka 7. Zaka zonsezo anali kuyimba popanda chimbale. Amene adafika pabwalo adamva. Amene sadafike adangomva mbiri.

Mawu amasungika bwanji?

Tisanalowe m'nyumba yojambuliramo nyimbo, tiyambe tamvetsa chimene mawu ali.

Ikani dzanja pa chikopa cha ng'oma pamene mnzanu akuomba ng'oma ina pafupi. Mudzamva chikopacho chikunjenjemera. Gwirani pakhosi panu, ndipo nenani kuti aaa. Pakhosi pakunjenjemeranso. Mawu ndi kunjenjemera kumeneku. Ng'oma ikanjenjemera imagwedeza mpweya. Mpweyawo umayenda ngati mafunde a panyanja, nufika m'khutu. M'khutu muli kachikopa kopyapyala. Kachikopako kakagwedezeka, ife timati tamva.

Vuto lake ndi lakuti mafundewa sakhalitsa. Mawu akatuluka m'kamwa, apita. Makolo athu ankasunga nyimbo m'mutu mokha. Gogo ankaphunzitsa mdzukulu. Gogo akamwalira asadaphunzitse munthu, nyimboyo inkalowa naye m'manda.

M'chaka cha 1877, munthu wina wa ku Amerika dzina lake Thomas Edison adapanga makina oyamba osunga mawu ndi kuwabweza. Pambuyo pake padabwera galamafoni. Akuluakulu akuikumbukira. Amuna obwera ku Joni ndi ku Harare ankabwera nayo pamodzi ndi sutikesi ndi njinga. Inali yopukusa ndi dzanja. Nyimbo zake zinali pa kanthu kakuda, kozungulira, konga mbale yodyera. Mawu akuti chimbale adachokera pamenepo. Pa mbaleyo panali kanjira kakang'ono kozungulirazungulira. Singano inkayenda m'kanjirako ndi kugwedezeka monga momwe mawu a woyimba adagwedezekera. Mbali imodzi inkatenga mphindi ngati 3 zokha. Nyimbo imodzi, basi, tembenuzani.

Kuyambira 1948 padabwera mbale zazikulu zotenga mphindi ngati 20 mbali imodzi. Apa mpamene oyimba adazolowera kuika nyimbo zambiri pamodzi. Kaseti idabwera mu 1963, ndipo CD, kambale konyezimira kaja, idabwera mu 1982. Lero nyimbo zimakhala m'foni ndi m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Mbale yeniyeniyo idasowa, koma dzina lakuti chimbale lidatsala.

Makina a masiku ano amagwira ntchito motere. Woyimba amayimbira pa maikolofoni. M'kati mwa maikolofoni muli kachikopa konga ka m'khutu kaja. Mawu akakagwedeza, kugwedezekako kumasanduka mphamvu ya magetsi. Mphamvuyo imayenda m'waya, nikalembedwa pa tepi kapena m'kompyuta. Tsiku lina mukatsegula wailesi, zimachitika mobwerera. Magetsi amagwedeza sipika, sipika imagwedeza mpweya, mpweya umagwedeza khutu lanu.

Inu amene mukuphunzira kulemba mukuidziwa kale nzeru imeneyi. Mukalemba kalata, mawu anu amakhala papepala. Amakwera basi, inu muli kumunda. Amakalankhula ku Cuamba, inu muli ku Sanga. Kujambula nyimbo ndi kulembanso. Kusiyana kwake nkwakuti kalata imafuna maso odziwa zilembo, pamene chimbale chimangofuna khutu.

Ntchito ya kunyumba

Chimbale sichiyambira m'makina. Chimayambira pansi pa mtengo, kapena m'kachipinda kobwereka, kumene oyimba amakumana tsiku ndi tsiku.

Poyamba pamakhala kupeka. Wina amabwera ndi mawu. Wina amabwera ndi kayimbidwe. Woyimba besi amafunafuna poponda. Wang'oma amayesa uku, nayesa uku. Amakangana, nagwirizana. Nyimbo ina imapsa tsiku limodzi. Ina imatha chaka ili yaiwisi.

Kenaka nyimboyo amakaiyesa kwa anthu. Apa mpamene zaka 7 zija zidathandiza. Gulu limene layimba m'midzi yambiri limadziwa nyimbo imene amayi amaimirira nayo, ndi nyimbo imene anthu amayamba kucheza ikamayimbidwa. Anthu a pabwalo sanyengerera. Nyimbo ikakhala yozizira amangochoka, kukaona mphika.

Chachitatu ndi ndalama. Mwini nyumba yojambuliramo amawerenga maola kapena masiku, monga amachitira mwini chigayo powerenga ndowa. Gulu lofika lisadakonzeke limataya ndalama pophunzira nyimbo m'nyumba yolipira. Nchifukwa chake oyimba anzeru amayeserera kwawo mpaka aliyense atadziwa mbali yake ngati njira ya kuchitsime.

Kwa oyimba a ku Niassa padali chinthu chinanso: mtunda. Makina abwino ojambulira nyimbo adali ku Maputo. Kwa zaka zambiri dziko litalandira ufulu mu 1975, nyimbo zambiri za m'Mozambique zinkajambulidwa ku likulu la Rádio Moçambique kumeneko. Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pali makilomita oposa 2,000. Woyenda pamsewu masiku amenewo ankaoloka Zambezi pa pantoni ku Caia, pakuti mlatho wa pamenepo udatsegulidwa mu 2009. Wokwera ndege ankalipira ndalama zoti nkudyetsa banja miyezi ingapo. Ndipo gulu si munthu mmodzi. Aliyense afuna tikiti, chakudya ndi pogona. A Massukos adauyenda ulendo umenewu mu 2001.

M'nyumba yojambuliramo

Nyumba yojambuliramo nyimbo imatchedwa situdiyo. Mukalowamo, chinthu choyamba kudabwa nacho ndi bata. Makoma ake ndi ochindikala. Amawakuta ndi zinthu zofewa zonga matiresi. Zitseko zimatsekeka ndithu, osasiya mpata. Amatero chifukwa maikolofoni alibe ulemu. Amatola chilichonse. Tambala akalira panja, alowa m'nyimbo. Galimoto ikadutsa, ilowa m'nyimbo. Woyimba akatsokomola, chifuwacho chidzamveka zaka makumi.

Kawirikawiri mumakhala zipinda ziwiri, ndipo pakati pake pamakhala zenera lagalasi. Mbali ina kumakhala oyimba. Mbali ina kumakhala katswiri wa makina, atakhala pa tebulo lalikulu lodzaza ndi mabatani. Pamakhalanso mkonzi wa chimbale. Iyeyu ali ngati kapitawo. Amamvetsera ndi khutu la mlendo, nanena kuti, apa mwathamanga, apa mwachedwa, bwerezani.

Pali njira ziwiri zojambulira. Njira yoyamba ndi yakuti gulu lonse liyimbe pamodzi, monga limachitira pabwalo. Njira imeneyi imasunga moto wa nyimbo. Koma mmodzi akalakwa, onse abwerere poyamba.

Njira yachiwiri ndi yomanga nyimbo ngati nyumba. Amayamba ndi maziko, ndiwo ng'oma ndi besi. Akatha, woyimba gitala amavala zomvera za kumakutu. Amamva ng'oma zojambulidwa kale zija, iye nkumayimba pamwamba pake. Kenaka wa kiyibodi. Kenaka wotsogolera nyimbo. Pomalizira ovomereza. Chilichonse chimasungidwa pa mzere wakewake. Wagitala akaphonya, amabwereza yekha, anzake ali panja kumwa tiyi. Magulu ambiri amaphatikiza njira ziwirizi.

Munthu wozolowera kuyimba pabwalo amavutika masiku oyamba. Pabwalo pali fumbi, nthungululu ndi ana othamangathamanga. M'situdiyo mulibe womuombera m'manja. Akuyang'ana khoma ndi kanyali kofiira. Komabe ayenera kuyimba ngati mudzi wonse uli patsogolo pake. Nyimbo ya mphindi 5 ikhoza kudya tsiku lathunthu. Ena mawu amawathera, nadikira mawa.

Kujambula kukatha, ntchito siidathe. Pamabwera kusakaniza. Amayi akudziwa kuti ndiwo si kungoponya zonse mumphika. Mchere ukachuluka, ndiwo zaonongeka. Nsinjiro zikachepa, ndiwo zasukuluka. Katswiri uja amakweza ng'oma pang'ono, natsitsa gitala pang'ono, mpaka zonse zikomerane. Pa nyimbo zonga za Massukos, chofunika koposa nchakuti mawu a woyimba amveke. Nyimbo yonena za kusamba m'manja ikamira m'phokoso la magitala, yasanduka gule chabe.

Pomaliza amasanja nyimbozo. Iti iyambe? Iti itsirize? Amalinganizanso kukula kwa mawu, kuti womvera asamadzukedzuke kukakweza ndi kutsitsa wailesi. Zikatero pamatuluka chimbale chimodzi chokha. Chimenechi ndicho mbewu. Zina zonse zidzachokera kwa icho, ndipo amachisunga monga timasungira chimanga chambewu pamwamba pa moto.

Kutulutsa chimbale

Mbewu ija amapita nayo kumakina ochulukitsa. M'zaka za 2001 anthu ambiri kuno anali ndi wailesi za kaseti zoyendera mabatire. Ena, makamaka m'tauni, anali atayamba kugula CD. Amasindikizanso chikuto, chokhala ndi chithunzi, dzina la gulu ndi maina a nyimbo.

A Massukos adachitcha chimbale chawo Kuimba kwa Massuko. Dzinali silifuna womasulira. Munthu wa ku Metangula, wa ku Mandimba, ngakhale wa kutsidya ku Mangochi, akangoliwerenga walimva.

Kutulutsa chimbale kuli ngati kutulutsa mwana m'chikuta. Asadatuluke amadziwika ndi a m'nyumba okha. Akatuluka ndi wa mudzi wonse. Oyimba amapereka chimbale ku nyumba za wailesi. Amakonza phwando la nyimbo. Amalankhula ndi atolankhani. Amatumiza makatoni kwa ogulitsa m'misika. Ndipo amadikira, mtima uli m'mwamba, pakuti palibe amene angakakamize anthu kukonda nyimbo.

Anthu adachikonda. Chidagulidwa kwambiri m'dziko lonse la Mozambique. Ku Maputo, kumene anthu amalankhula Chironga ndi Chishangana, adavina nyimbo za m'Chinyanja ndi m'Chiyao. Ichi sichinali chinthu chaching'ono. Niassa ndi chigawo chachikulu koposa zonse m'dziko muno, koma anthu a kumwera ankachiona ngati kumathero a dziko. 

Koma nyimbozi zidanyamulanso katundu wina. M'chaka cha 2000 Bambo Santos adayambitsa bungwe lotchedwa Estamos. Mawuwa ndi a Chipwitikizi, ndipo tinganene kuti akutanthauza kuti tilipo. Bungweli lidagwira ntchito ya madzi abwino, zimbudzi ndi kuphunzitsa za Edzi m'midzi ya Niassa. Oyimba ankafika m'mudzi ndi zoyimbira zawo. Anthu ankasonkhana chifukwa cha nyimbo. Atasonkhana, nkhani ya chimbudzi inkayambika.

Tinene zoona, nkhani imeneyi ndi yochititsa manyazi. Munthu sangaimirire pamaso pa apongozi ake ndi kunena za kuthengo. Koma nyimbo ilibe apongozi. Zimene pakamwa pamaopa kunena, nyimbo imanena, anthu nkumaseka, nkumavomereza. Imodzi mwa nyimbo zodziwika za gululi dzina lake ndi Tissambe Manja. Taonaninso ma s awiri aja.

Chimbudzi chimene a Estamos ankaphunzitsa nchosavuta. Dzenje lake si lakuya. Munthu akatha kudzithandiza amathiramo phulusa ndi dothi. Phulusalo limaletsa fungo ndi ntchentche. Dzenje likadzaza amalikwirira, nasamukira pa dzenje lachiwiri. Loyamba lija amalisiya miyezi yosachepera 8, ndipo ena amadikira chaka chathunthu. Pamenepo za m'katimo zimakhala zitasanduka manyowa, oti nkuthira m'munda. Wofuna kumanga chimbudzi chotere ayambe wafunsa alangizi a zaumoyo, kuti asafukule msanga.

Tsono apa mpamene pali phindu la chimbale. Gulu la oyimba lili ndi galimoto imodzi ndi miyendo yotopa. Likafika m'mudzi lero, mwina silidzabweranso zaka zitatu. Mvula ikagwa, misewu ina ya kuno siidutsika konse, ndipo nthawi ya mvula ndiyo nthawi ya kolera ndi kutsegula m'mimba. Chimbale sichidikira chilimwe. Chimayimba pa wailesi m'mawa, chimayimba m'minibasi masana, chimayimba paukwati usiku. Mwana amaloweza nyimbo asadadziwe tanthauzo lake. Tsiku lina amafunsa amake chifukwa chake onse akusamba m'manja m'beseni limodzi, m'malo mothirirana madzi.

Ena amati nyimbo zophunzitsa sizikoma. Nthawi zambiri amanena zoona. Tamvapo nyimbo zonga chikalata cha ku ofesi, zimene munthu sangavine ngakhale atamulipira. Nyimbo yotere imafa tsiku lomwe msonkhano watha. A Massukos adadziwa kuti nyimbo iyambe yakoma. Phunziro likwere pamsana pa kukomako. Ndiponso nyimbo siikumba dzenje. Khasu ndi limene limakumba. Nyimbo imangofewetsa mtima wa mwini khasu.

Chimbale chachiwiri

M'chaka cha 2004 kudabwera oyimba ena ochokera ku Britain, a gulu lotchedwa Empty Boat. Adabwera mogwirizana ndi bungwe la WaterAid, limene limathandiza pa ntchito za madzi ndi ukhondo. Mtsogoleri wawo, Dean Brodrick, adapalana ubwenzi ndi a Massukos. Chaka chotsatira, mu 2005, a Massukos adapita ku Britain. Adayimba m'malo osiyanasiyana, ndipo ali komweko adajambula chimbale chachiwiri. Mkonzi wake adali Brodrick yemweyo.

Chimbalechi adachitcha Bumping, dzina la Chingerezi. Chidatuluka mu 2007. Kampani imene idachitulutsa dzina lake ndi Poo Productions. Musaseke, koma mawu oyambawo ndi amene ana a ku England amatchulira chimbudzi cha munthu. Eni ake adasankha dala dzinali, kuti nkhani imene anthu amaibisa ikhale poyera.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji dzina la Chingerezi? Chimbale chili ngati katundu wa pamsika. Wogulitsa amayang'ana amene akudutsa. Choyamba chija chidapangidwira anthu a m'Mozambique. Chachiwirichi chidapangidwa kuti chikafikenso m'masitolo ndi m'nyumba za wailesi za maiko akutali. Chikuto chidalankhula Chingerezi, koma nyimbo za m'katimo zidakhalabe m'zilankhulo za kuno. Mzungu wa ku London sankamva mawuwo. Ankamva magitala ndi kuvomerezana kwa mawu, kenaka nkuwerenga pachikuto kuti adziwe chimene chikunenedwa.

A Massukos sadali oyamba a kumpoto kuno kuyenda njira imeneyi. Gulu la Eyuphuro la ku Nampula, limene woyimba wake wamkulu adali mayi Zena Bacar, lidatulutsa chimbale chotchedwa Mama Mosambiki mu 1990, kudzera ku kampani ya Real World ya ku England. Iwo ankayimba m'Chimakua.

M'chaka cha 2008 Bambo Santos adalandira mphotho ya Goldman ku San Francisco, m'dziko la Amerika. Mphothoyi imaperekedwa chaka ndi chaka kwa anthu oteteza chilengedwe. Iwo adailandira chifukwa cha ntchito ya zimbudzi ndi madzi, ndiponso chifukwa chogwiritsa ntchito nyimbo pophunzitsa anthu. Chaka chomwecho, pa 15 Okutobala, maiko adayamba kukumbukira tsiku la kusamba m'manja.

Thukuta la woyimba

Tiyeni tibwerere ku nkhani ya ndalama, pakuti pamenepa pali chilonda.

Taonani anthu amene adya pa chimbale chimodzi. Mwini situdiyo alipidwe. Katswiri wa makina alipidwe. Wojambula chithunzi, wosindikiza chikuto, wochulukitsa, wonyamula makatoni, wogulitsa pamsika, onsewa alandire zawo. Woyimba amalandira pomalizira, ngati patsala kanthu.

Ndiye pamabwera munthu wina amene sadapeke, sadayende ulendo wa ku Maputo, sadagone ndi njala. Amagula chimbale chimodzi, nakopera zana, nagulitsa motchipa. Masiku a kaseti zinali choncho. Masiku a CD zidakula. Lero mnyamata wa kompyuta pamsika amathira nyimbo mazana m'kakhadi ka foni pa mtengo wa mulu wa tomato. Woyimba salandirapo ngakhale metikali imodzi. Zili ngati munthu wokolola m'munda umene sadalime.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo tisabise. Kukopera komweko ndi kumene kwafikitsa nyimbo m'midzi imene mulibe sitolo yogulitsa zimbale. Nyimbo ya kusamba m'manja ikafika kwa mayi wa kutali kudzera m'kakhadi kokopera, mwana wake apindula ndithu. Koma woyimba akasauka, chimbale chotsatira sichibwera. Zingwe za gitala zimaduka, ndipo zimagulidwa ndi ndalama. Dziko la Mozambique lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo ndi eni mabuku. Komabe lamulo silingaime pa msika uliwonse. Chimene ife tingathe ndi ichi: oyimba akabwera kudzayimba, tilipire pakhomo, tisalowere kumpanda. Akamagulitsa okha nyimbo zawo, tigule kwa iwo.

Masiku ano makina adatsika mtengo. Kompyuta imodzi, maikolofoni abwino ndi chipinda chabata zikwanira kujambula nyimbo. Achinyamata a ku Lichinga ndi ku Cuamba sayeneranso kupita ku Maputo kuti mawu awo asungidwe. Nyimbo ikatha amaitumiza pa intaneti tsiku lomwelo. Chimene sichidasinthe ndi ntchito ya kunyumba ija, kupeka ndi kuyeserera. Makina amasunga zimene wawapatsa. Ukawapatsa gaga, sakubwezera ufa woyera.

Kuwerenga chikuto

Tsiku lina mudzagwira chikuto cha kaseti kapena cha CD. Kale mukadangoyang'ana chithunzi. Tsopano mukhoza kuwerenga.

Kutsogolo kuli dzina la gulu ndi dzina la chimbale. Tembenuzani. Kumbuyo kuli maina a nyimbo, ndipo nyimbo iliyonse ili ndi nambala yake. Pambali pa dzina pamakhala manambala ena, monga 4:30. Amenewa si mtengo. Akutanthauza mphindi 4 ndi masekondi 30, ndiko kutalika kwa nyimboyo. Mukaphatikiza manambala onsewo mudziwa ngati mabatire anu afika kumapeto.

M'kati muli zilembo zing'onozing'ono. Pamenepo amalemba amene adapeka nyimbo, amene adaomba ng'oma, amene adayimba besi, amene adasakaniza, ndi malo amene adajambulira. Anthu ambiri sawerenga mbali imeneyi. Inu muiwerenge, ngakhale pang'onopang'ono, chala chili pa chilembo. Wang'oma saoneka kawirikawiri pachithunzi, koma dzina lake lili pamenepo.

Pansi penipeni pali chaka. Chaka chimenechi ndi chotulutsira, osati chojambulira. Pa Bumping, nyimbo zidajambulidwa mu 2005, koma chaka chotulutsira ndi 2007. Chotseraninso, muone zaka zimene mbewu ija idakhala m'nkhokwe isadafike kumsika.